Ndime ya Chipeso

Mayiyo anafika Loweruka m'mawa, ine ndikumeta achimwene ndevu pakhonde. Anaima pageti atakumbatira chikwama pachifuwa ngati pali wofuna kumulanda, n'kufunsa ngati a Kalipentala amakhala pano.

Dzina limenelo ndinali nditatsala pang'ono kuliiwala. Achimwene sanagwirepo sowo chibadwire. Atabwerako kunkhondo analondera sitolo ya matayala mpaka tsiku lomwe anagwa. Owatchula Kalipentala ndi okhawo amene anali nawo kutchire, ndipo mwa amenewo amoyo atsala awiri.

"Ndine mwana wa Chipeso," anatero mayiyo.

Lezala linali pakhosi pa achimwene, ndipo ndinamva kholingo likukwera n'kutsika pansi pa chala changa.

"Eya," anatero. "Eya, eya, eya."

Chidwalireni sitiroko, mawu amene anawatsalira ndi amenewo. Njala ndi eya, kukana ndi eya, kutukwana nakonso ndi eya. Dzanja lamanja linapinda, mwendo wamanja amachita kuukoka. Koma maso ndi awo omwe aja, ndipo anamuyang'ana mlendoyo mpaka sopo anawaumira kumaso.

Gulu la achimwene linali ndi nyimbo yake, yosaphunzitsidwa ndi mkulu aliyense. Sankaiimba popita kukamenyana. Ankaiimba pobwerako, mapazi atatupa, ena ali pamachira, choncho imayenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza chitseko. Mmodzi amayamba:

"Nsapato zolemerazi, ndikafika ndidzavula."

Onse amamufunsa: "Ukavula udzatani?"

Pamenepo munthu amayankha ndi ndime yakeyake, yonena chomwe adzachite akadzakhalanso munthu wamba. Akatha, onse amati, "Tamva, m'bale, tamva, koka phazi," ndipo amayamba wotsatira. Maina awo anachokera m'ndime zimenezi. Achimwene ankati adzakhoma mpando wotsamira n'kukhalapo mpaka udzathyoke, basi anakhala Kalipentala. Wina ankati adzaphika buledi, woyamba adzadya yekha osagawira munthu, anakhala Mabuledi. Wina ankati azidzakonza mawailesi, nkhani za nkhondo zikayamba azidzathimitsa. Ameneyo ndi Wawailesi, ndipo anabwerako makutu onse atafa ndi mizinga.

Munthu akaphedwa, ndime yake sinkatayidwa. Ankaitenga amene amagona naye moyandikana, n'kumaiimba pambuyo pa yake mpaka nkhondo kutha. Akafika kwawo, ndimeyo imakhala katundu wa eni: saiimba, sainena, mpaka akaipereke pakhomo pa womwalirayo. Achimwene anapereka zonse zomwe anasenza kupatula imodzi. Panyumba ya Chipeso anapeza pakukhala anthu ena, ndipo panalibe wodziwa komwe mkazi wake analowera ndi mwana.

Mwana uja ndi amene tsopano anakhala pampando wathu wa pabalaza, mayi wamkulu ndithu, tsitsi atameta lonse mpaka kuoneka khungu. Anati amagwira ntchito pazenera loperekera mankhwala, kumzinda komwe kuli nyumba yosungirako asilikali okalamba. A Mabuledi anabwera kudzatenga mankhwala a shuga, anamuyang'anitsitsa pamphumi, n'kumufunsa dzina la bambo ake.

"Anandiuza kuti bambo anasiya ndime, ili ndi a Kalipentala. Ndinati ndiuzeni mawu ake. Akuti za chipeso zinalimo, koma chipeso cha yani anaiwala, ndipo ngakhale akanakumbuka, si katundu wawo."

"Nanga mayi ako ankati chiyani?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ankati bambo anathawira kunkhondo kutopa ndi ife. Ati anali munthu wodzikonda, wa akazi, moti ngakhale asilikali anzawo anawaona, n'chifukwa chake anawapatsa dzina limenelo. Ananena zimenezo mpaka tsiku lomwalira." Anatembenukira kwa achimwene. "Ine sindinabwere kuti bambo asanduke munthu wabwino, azakhali. Ndikungofuna kudziwa ngati ndinalimo."

Chomwe chinandilimbitsa mtima n'chakuti achimwene amaimba. Kulankhula kunapita, koma nyimbo inatsala, adokotala akuti zimachitika. Tsiku lomwelo ndinawayambira, ndipo ndime ya mpando inatuluka yonse, mawu omveka bwino ngati munthu wosadwala. Atafika pamalo pa ndime ya Chipeso anaima. Milomo inkagwedera, khosi litatupa mitsempha, koma chotuluka chinali eya.

Tinaimbira foni a Mabuledi. Anati pa womwalira funso limasintha, ndipo anatiuza funso lake. Tinayesa, osatheka. Achimwene anangondiyang'ana ngati ndavala yunifolomu ya munthu wina.

"Chemwali, mukuimba muli khale pasofa?" anatero a Mabuledi. "Nyimbo imeneyo ili m'mapazi. Komanso funso limenelo amafunsa ndi amene analipo."

Ndiye pamene anatiuza kuti mwezi wotsatira kuli mwambo wolemekeza asilikali akale, kuholo yaikulu ya kumzinda wathu. Okonza mwambowo adzawabweretsa iwo, a Wawailesi adzakawatenga kwa mwana wawo, ndipo nyimbo yawo ili papulogalamu. Mwana wa Chipeso anapempha tchuthi kuntchito. Ine ndinkangowayang'ana achimwene akamatsamwa ndi madzi, n'kumapempha kuti mwezi uthe iwo akadali nafe.

Tsiku la mwambowo tinalawirira. Anatilowetsa m'kachipinda ka kuseri, momwe msilikali wosunga katundu ankagawa malaya oyera ndi nsapato zakuda zowala. Nsapato zakale anazitsekera m'kabati. Za achimwene zinali zothina, koma msilikaliyo anati zifewa. Kenaka anawalanda ndodo n'kuwakhazika panjinga ya olumala.

"Amayenda okha," ndinatero.

"Achedwetsa mzere, amayi. Komanso ndodoyo pakamera sioneka bwino."

A Mabuledi analowa akupukusa mimba, m'malaya osatseka mabatani onse. Ataona achimwene anaima n'kugwira m'chiuno.

"Kalipentala! Mpando uja wakhoma wa matayala? Iwe ndiye mmisiri!"

"Eya!" anatero achimwene, akuwaloza pamimba ndi dzanja lamanzere.

"Usandinene. Buledi amene ndinamuimbira nkhondo yonse, lero adokotala akuti ndikangomununkhiza ndifa."

"Ati chiyani?" anakuwa a Wawailesi, nkhalamba yoonda yaitali ngati mtengo wa magetsi.

"Ndati wakalamba!"

"Inde, nsapato zabwino!"

Anagwirana manja atatuwo osafuna kusiyana. Mwana wa Chipeso anaima pakona, akuwayang'ana mmodzimmodzi ngati akufunafuna nkhope ina pakati pawo.

Ndinapita kukamupeza mkulu wa bandi, sajeni wa magolovesi oyera, akukonza anyamata a kwaya m'mizere. Ndinamupatsa moni mwaulemu, n'kumufotokozera zonse: za matenda, za mayi wochokera kutali, za funso lachiwiri. Ndinapempha kuti nyimboyo aiyendetse pang'onopang'ono, madalawo awalole aimirire n'kudzifunsa okha.

"Musadandaule, amayi. Nyimboyo tinaikonza."

"Munaikonza? Inathyoka pati?"

"Inali yofooketsa. Kumbuyoko kwakhala ana asukulu oti mawa alowe usilikali. Mukufuna amve zovula nsapato? Komanso ndime zija n'zambiri, nthawi tilibe. Madala angoyendetsa milomo, mawu tili nawo ife."

"Anakupatsani ndani?"

"Adala onenepawo anatiimbira chaka chatha, tinajambula."

A Mabuledi anali atafika kumbuyo kwanga. Anayang'ana pansi. "Anati n'zosungira mbiri," anatero chapansipansi.

Ndinayesa kumumvetsa sajeniyo. Ndinadziuza kuti nayenso ali ndi omulamula, kuti mwina wangofulumizitsa ng'oma n'kudula ndime zingapo, kuti mwambo ukatha tidzapeza kangodya kathu. Ndinafunsa za kangodyako. Anati basi ya a Mabuledi inyamuka mlendo wolemekezeka akangotuluka, ndipo a Wawailesi akwera yomweyo.

Madala atatuwo anawakhazika kutsogolo, moyang'anizana ndi makamera. Ine ndi mwana wa Chipeso tinakhala kumbuyo kwawo. Panali mapemphero, panali kuguba, panali kuwomba m'manja. Kenaka wolengeza anati tsopano timve nyimbo imene inkalimbitsa mtima ngwazi zathuzi polowa m'moto.

Polowa m'moto! Ndinaona msana wa a Mabuledi ukuuma.

Malipenga analira, ng'oma inathamanga ngati ikuthawa galu. Chuni chinali chomwe chija, koma chosandutsidwa cha kuguba. Anyamata a kwaya, ometa bwino, osadziwa fungo la phazi lowola, anatsegula pakamwa:

"Nsapato zowalazi, mpaka kufa sindivula! Wovula ndani? Wamantha! Wovula ndani? Wamantha!"

Sindinakwiyepo choncho chibadwire. Anthu awa anatenga nyimbo ya amuna otopa, yopempha mpando, buledi ndi wailesi, n'kuitembenuza kuti iwatukwane eni ake pamaso, atawaveka malaya oyera kuti chitukwanocho chioneke bwino pakanema. Amene anafa akuimba zovula nsapato, onse anasanduka amantha m'holo imeneyo, ana asukulu akuwomba m'manja motsatira ng'oma.

Achimwene anali atayesa kulowa poyamba, pomva chuni. Pakamwa panatseguka, koma liwiro linawasiya, malovu n'kutsikira pamalaya. Wa kamera anatembenuza chida chake msanga. Achimwene atamva mawu akuti wamantha, anatseka pakamwa. Dzanja lamanzere linayamba kumenya chogwirira cha njinga, osati motsatira ng'oma.

A Wawailesi okha ndi amene anakhala phee, manja pamaondo, akumwetulira. Sanamve kalikonse. Kutchire, makutu atafa, ankadziwa kuti nyimbo yayamba poona mapazi a anzawo, ndipo chikhalireni anali kuyang'ana pansi, kudikira. Kwa iwo bandi ija inali kungotenthetsa malipenga.

Nyimbo inatha. Mlendo wolemekezeka anaimirira, n'kukonza maikolofoni ndi mapepala. Mwana wa Chipeso anandigwira dzanja.

"Basi, azakhali? Yatha?"

Ndisanayankhe, achimwene anagwira phewa la a Mabuledi n'kudzikoka mpaka kuimirira. Sikuti ankafuna kuimba. Ndimawadziwa, ankafuna kutuluka. Ndinathamanga kukalowa kukhwapa kwawo m'malo mwa ndodo, ndipo tinatembenukira m'kanjira ka pakati. Anaponda ndi lamanzere, n'kukoka lamanja. Nsapato yatsopano inalira pasimenti, khwee. Anapondanso, n'kukoka. Khwee.

A Wawailesi anaona phazi likukokedwa. Anadzuka ndi utali wawo wonse, n'kukuwa ndi mawu a munthu amene sadzimva:

"Nsapato zolemerazi, ndikafika ndidzavula!"

Mlendo wolemekezeka anali atangoti "Amayi ndi abambo." Anaima pomwepo. Holo yonse inatembenuka.

A Mabuledi anayang'ana sajeni, anayang'ana makamera, kenaka anadzuka.

"Ukavula udzatani?" anaimba, ndipo khutu langa linamva mawu ena akutuluka pachifuwa chomwe ndinachichirikiza. Achimwene anali kufunsa nawo.

Tinayenda choncho m'kanjirako, kuponda n'kukoka, kuponda n'kukoka. A Wawailesi, m'ndime yawo, anathimitsa nkhani za nkhondo pamaso pa akuluakulu onse a nkhondo. A Mabuledi anadya buledi wawo okha. Mwana wa Chipeso anali atadutsa kutsogolo kwathu, akuyenda chambuyo, maso ali pamilomo ya achimwene.

Msilikali wina anabwera atatambasula manja. "Madala, khalani pansi, bwana akulankhula."

"Ukawakhudza, uyambe wandigwetsa ine," ndinatero. Sindikudziwa nkhope yomwe ndinali nayo, koma anapatuka.

Achimwene anayamba yawo, ya mpando wotsamira. Ili pakati, sajeni uja anakweza ndodo yake, bandi n'kuyambiranso nyimbo yokonzedwa ija mwamphamvu kuti itikwirire. Ndinamva thupi la achimwene likugwedezeka, phazi likusokonezeka pakati pa ng'oma ziwiri. A Mabuledi anawagwira mbali inayo n'kuwaimbira m'khutu momwe. A Wawailesi, amene ng'oma ya sajeni sinkawakhudza, anapitiriza kuponda n'kukoka monga kale, ndipo tonse tinatsata iwo.

Titadutsa pakhomo ndinakankha chitseko ndi phazi, chinatsekeka. Phokoso linatsalira mkati. Pakhonde panali mphepo ndi madalaivala awiri otsamira galimoto.

"Osaima!" anatero a Mabuledi. "Ukaima yathawa."

Tinapitiriza m'khondemo. A Mabuledi anakodola a Wawailesi, n'kuwalozera mayi uja, kenaka anadzigwira pamutu ngati akupesa. A Wawailesi anamuyang'ana, kumwetulira kunachoka. Awiriwo anafunsa limodzi, motsitsa:

"Nanga mnzako wagona uja, akanavula akanatani?"

Achimwene anaponda, anakoka. Anapondanso, anakoka. Ndinaganiza kuti zakanikanso. Kenaka zinatuluka, ndi mawu osakhala awo enieni, opyapyala pang'ono, ngati akutsanzira munthu:

"Ndidzagula chipeso cha mano otalikirana, mwana wanga ndizidzamupesa ndekha. Amake amakoka, mwana amalira, ine ndizidzamupesa ndekha."

"Tamva, m'bale, tamva, koka phazi."

Tinaima. Mwana wa Chipeso anali atafika pakhoma, sakanathanso kubwerera m'mbuyo. Dzanja lake linakwera lokha n'kukagwira pamutu pometa paja.

"Ankakokadi," anatero. "Ankakoka ngati akuzula udzu. Nditangoyamba kudzilamulira ndinameta." Anapuma mwamphamvu. "Wa akazi! Moyo wanga wonse ndakhala ndikuchita manyazi ndi dzina limenelo." Anagwira malaya a achimwene. "Bwerezani, bambo. Chonde, kamodzi kokha."

"Eya," anatero achimwene, akupukusa mutu.

"Yaperekedwa imeneyo," anatero a Mabuledi. "Salinso nayo. Ndi yako tsopano, imba wekha."

Anayesa. Chuni anachiphonya.

"Iii, bambo ako enieni," anatero a Mabuledi. "Nayenso ankaimba ngati chitseko chosowa mafuta. Tsitsa pa 'otalikirana' apo."

Anaseka uku misozi ikutsika, n'kuyambiranso. Anali pakati pamene chitseko cha holo chinatseguka, n'kutuluka msilikali wosunga katundu uja. Sanatiyang'ane kumaso. Anati walamulidwa kuti, popeza madala atuluka mwambo usanathe, malaya angathe kupita nawo, koma nsapato zibwezedwe.

"Zibwezedwe?" ndinatero. "Si mphatso?"

"N'zobwereka, amayi. Zimagwira ntchito chaka chilichonse."

"Ndiye bweretsani zawo."

Anati kiyi wa kabati ali ndi sajeni, ndipo sajeni sangatuluke bwana asanamalize.

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, ena oti sindinawatulutsepo pakamwa panga. Koma achimwene anandisiya phewa n'kudzitsitsa pamasitepe. Anayamba kumasula chingwe ndi dzanja lamanzere. Nditawerama kuti ndithandize anandikankha.

"Eya!"

Zinatenga nthawi. Msilikaliyo anaima pomwepo akusinthasintha mapazi, ndipo palibe amene anamuuza kuti akhale. Achimwene anavula yamanzere, kenaka ananyamula mwendo wakufa uja n'kuuika pabondo, n'kuvula inayo. Anaziika pamodzi bwinobwino, zidendene zitagundana, n'kuzikankhira kwa mwini wake. A Mabuledi ndi a Wawailesi anakhala pambali pawo n'kuchita chimodzimodzi.

"Zinali zothina!" anakuwa a Wawailesi, akutambasula zala m'sokosi yobooka.

"Wavula, Kalipentala," anatero a Mabuledi. "Tsopano utani?"

Achimwene anatsamira chipilala, n'kutseka maso padzuwa.

Mkatimo mlendo wolemekezeka ayenera kuti anali atamaliza, chifukwa malipenga anayambanso, ndipo kudzera m'mazenera tinamva anyamata aja akufunsa kuti wovula ndani. Mwana wa Chipeso anapita kukatseka zenera lomwe linali pafupi nafe. Analitseka mwamphamvu moti madalaivala aja anatembenuka. Kenaka anabwera kudzakhala pasitepe ya m'munsi, pafupi ndi mapazi a madalawo, n'kuyambiranso ndime yake kuchokera pachiyambi.